Nshawa za Mbeu Zinatsala M'thumba

Ine mau anga amamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Kuno ku Msanzala pakagwa malilo, wolengeza ndine. Sukulu ndinalekela panjila, koma matenda awili awa, nkhawa ndi kulefuka mtima, palibe mphunzitsi angandiuze, chifukwa ndinawaonela pa nshawa za mbeu.

Malemu akazi anga anali ndi nkhawa. Kamtambo kakangodutsa, iwo khasu paphewa. Chaka china anabzala nshawa pa fumbi poopa kuchedwa, zinapsa. Anabzalanso, zinapsanso. Mtima unkawagunda, kukhala pansi osakwanitsa. Koma kumunda ankapita, nchito inkayenda.

Mng'ono wanga anali ndi matenda enawo. Iye sankaopa kanthu, sankafunanso kanthu. Mvula inagwa, anthu anabzala, anapalila, thumba lake la mbeu lili pakona, mwiniwake ali pakhonde kuyang'ana nkhuku. Ndinamukalipila mudzi wonse ukumva: "Iwe, ulesi udzakupha. Nyamuka!" Anangoti, "Ndamva, akulu." Sananyamuke. Anadzachila ana ake atamutengela kukiliniki.

Akazi anga atamwalila, matenda onse awili anandipeza pamodzi. Mtima wa akazi anga, miyendo ya mng'ono wanga. Mvula yoyamba itagwa maganizo anayamba kuthamanga: ndachedwa, kukubwela njala, anthu andiseka. Koma kuti ndinyamule thumba, thupi linkalemela ngati mtondo. Wankhawa amathawila kunchito, wolefuka mtima amagona. Ine tulo tinakana, nchito inakananso. Masiku atatu ndinafika m'mphepete mwa munda n'kubwelela. Malilo ena analengeza munthu wina, wa mau ang'ono.

Nditapita kukiliniki, namwino wa kumeneko, mai wa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, anati matenda awiliwa amakonda kuyendela limodzi, ndipo akakumana sachoka msanga. Anandipatsa mankhwala, ndi tsiku loti ndibwelenso tikakambilane. Koma mvula sidikila mankhwala.

M'mawa wina mng'ono wanga anabwela ndi khasu. Ndinadikila kuti andibwezele mau anga aja. Sanatelo. Anasenza thumba nati, "Akulu, ine ndizikumba, inu muziponya chabe."

Tinabzala mizele isanu tsiku limenelo, mawa lake isanu ina. Anzathu anali atayamba kale kupalila.

Nshawa zinatuluka zochepa, zambili zopanda kanthu mkati. Mbeu ya chaka chino yachokela pa zomwezo.