Khobidi la Pak Wagiman

Pak Wagiman (Pak ndiye kuti bambo) ankameta anthu pansi pa mtengo wa mango, pamsika wa kwathu ku chilumba cha Java, koma kuwafunsa eni akewo ankati ndi dokotala. Udokotala wanji! Khobidi limodzi lakale lamkuwa ndi kabotolo ka mafuta a kokonati, basi. Mutu ukawawa, ati mphepo yalowa m'thupi. M'mimba mukapota, mphepo. Ngakhale wogwa panjinga, mphepo yomweyo. Ankakuvula malaya n'kukupala msana ndi khobidilo mpaka mizere yofiira ituluke, iwo n'kumageya m'malo mwako, ati mphepoyo ikutulukira mwa iwo.

Kumetako n'komwe kunali kwa bola tsitsi lachepa. Mpunga pakhomo pawo unkabwera ndi dzanja lamanja la akazi awo, Bu Suminah (Bu ndiye kuti mayi), amene kwa zaka makumi atatu ankajambula mbalame ndi maluwa pansalu ndi phula lotentha.

M'mawa wina cholembera phula chinawapulumuka Bu Suminah, phula n'kutayikira pansalu. Anafuna kuitana amuna awo, mawu n'kutuluka ophotchoka. Bu Lastri, mzamba wa nyumba yoyandikana, anamva kubuulako ndipo anathamangira komweko.

"Tamwetulirani, Bu," anatero mzambayo. Mbali imodzi ya pakamwa inakana. "Kwezani manja onse awiri." Lamanja linagwa ngati nsanza yonyowa. "Tchulani dzina lanu." Lilime linangozungulira m'kamwa.

"Pak, iyi ndi sitiroko. Tiyeni kuchipatala pompano! Mankhwala ake amathandiza m'maola oyambirira okha."

"Inu ntchito yanu n'kudula michombo," anayankha Pak Wagiman akutsegula kabotolo kawo. "Za mphepo siyirani eni ake."

"Mukuwapha amayiwa!"

"Ndapala misana ingati ine? Tulukani m'nyumba mwanga, mukundilowetsera mphepo ina."

Anatseka chitseko, napala, nageya, napalanso. Anawamwetsa tiyi wotsekemera, tiyiyo n'kumatsikira m'khosi mwa bulauzi. Bu Suminah ankangowayang'ana, misozi ili chuchuchu. Dzuwa litapendeka ndi pamene dokotala wathuyu anavomera kuti galimoto yonyamula tsabola iwatenge. Kuchipatala anangofunsidwa funso limodzi, lakuti zayamba nthawi yanji, ndipo atayankha, namwino anapukusa mutu. Dzanja lija silinabwererenso. Linafumbata mpaka kalekale, mwendo n'kumakokedwa, mawu n'kutsala awiri atatu.

Muyesa Pak Wagiman anachita manyazi? Mawa lake lomwelo anali pansi pa mango, akuuza amene ankamumeta kuti, "Akanandisiya ndimalize, bwenzi pano akujambula."

Patapita zaka zitatu, akudya nkhomaliro, supuni inawagwa iwowo. Pakamwa panakhota, dovu n'kumayenderera. Ndi dzanja limene linali likugwirabe ntchito anasolola khobidi m'thumba, nakankhira kwa akazi awo, n'kuwalozetsa msana. Ha, munthu kupusa mpaka pakhomo pa manda!

Bu Suminah anatola khobidilo, koma msanawo sanaukhudze. Anadzikoka mpaka pakhonde pamene pamapachikidwa ng'oma yamtengo yoitanira anthu pa ngozi, naimenya ndi dzanja lamanzere mpaka mudzi wonse unasonkhana. Bu Lastri atafika, iwo anangoloza pakamwa pa amuna awo. Ola lisanathe, Pak Wagiman anali m'manja mwa madokotala enieni.

Anabwerako patatha sabata, akuyenda okha, sizasi ikulira m'dzanja ngati kale, pakamwa patawongoka.

"Inali mphepo chabe," ankatero pamsika. "Koma Bu wanga uja mantha! Akanangondipala pang'ono, za chipatalazi sizikanafunika n'komwe."

Chimene chinawawawa n'chakuti khobidi lija linasowa. Anagudubuza mipando, anakhuthula mtsuko wa mpunga, anatukwana Bu Lastri kuti ndi mbava yansanje. Malo amodzi okha ndi amene sanayang'anemo, m'dzanja lofumbata la akazi awo, chifukwa chiyambire tsiku la phula lija sanaligwirepo.