Mboni ya Mabatire Akufa

Nditangofika ku Perth kudzaphunzira ntchito yosamalira okalamba, anandilandira bambo ena, mkulu wa mpingo wathu, amene ankadziwana ndi abusa a kwathu. Ndinkawatchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale uliwonse. Nyumba yawo inali chakufupi ndi Cannington, ndipo ine anandiikira bedi m'galaja, kuseri kwa katani. Mbali ina ya kataniyo kunali mabatire.

Amalume ankagwira ntchito pa depoti ina ku Kewdale. Kumeneko mabatire a ma alamu ndi a makina ena akatha mphamvu ankaunjikidwa pakona kudikira otaya. Iwo ankabwera nawo kunyumba m'buti ya galimoto. Anali mabatire akuda omata aja, osayenera kutsegulidwa, koma iwo ankawatsegula. Ankalowetsa mpeni wakale wa kukhitchini pansi pa chivindikiro n'kuchikanula, kuzula titsekero ta rabala, n'kuthiramo ndi sirinji madzi osakaniza ndi mchere wina wogula ku famase. Akatero ankalumikiza tchaja n'kulisiya batire likuwira.

"Azungu amataya zinthu zamoyo," ankatero. "Ili silinafe, langokomoka."

Fungo lake linali la mazira ovunda. Linkalowa m'bulangeti, m'thawulo, ngakhale mu buledi ndikamuiwala pa shelefu. Mabatire ena ankatupa m'mbali ngati galu wofera pamsewu. Ena ankatulutsa thovu lotuwa, limene likauma linkasiya ufa woyera pa simenti. Tsiku lina ndinapeza malaya anga a kusukulu atabooka timabowo kutsogolo konse. Ndinawapinda n'kuwabisa pansi pa sutikesi. M'mawa amalume akandifunsa kuti ndadzuka bwanji, ndinkaika manja pamodzi n'kuyankha kuti ndadzuka bwino. Kwathu sanandiphunzitse kuuza munthu amene wakupatsa pogona kuti nyumba yake ikununkha.

Kumudzi nafenso tinkayanika mabatire a tochi padenga, ena tinkachita kuwaluma ndi mano, kuti wailesi ilankhuleko mpira usanathe. Inkalankhuladi pang'ono, kenako n'kuyamba kulira ngati udzudzu. Koma palibe amene ankanena kuti batire lachira.

Kutayamba kutentha mu Disembala, amalume anandipatsa kafani kakang'ono koyendera batire. Ndinathokoza kwambiri. Ndinazindikira mochedwa kuti kafaniko ndi ine tinali choyesera chawo: batire lililonse akalidzutsa linkayamba ladzera pa bedi langa. Poyamba fani inkazungulira mwamphamvu mpaka katani kugwedera. Mawa lake ndikaweruka masana n'kugonako pang'ono, ndinkadzuka thukuta lili kamukamu, fani itaima. Amalume zimenezi sankaziona. Iwo ankangogunditsa kamita kawo koyezera mphamvu batire litangochoka pa tchaja, nambala ikaoneka bwino n'kundiyang'ana.

"Waona?"

"Ndaona, amalume."

Lamulungu lina titaweruka ku mapemphero, anthu angapo anadzera kunyumbako kudzamwa tiyi. Pakati pawo panali mayi ena ogwira ntchito ya unamwino, amene tonse tinkawatchula kuti anti. Mayi awo okalamba anali atabwera kuchokera kumudzi kudzakhala nawo, ndipo chifukwa cha mawondo ankayendera kasikuta ka magetsi kaja ka anthu okalamba. Anti akakhala ku ntchito, agogowo ankapita okha kusitolo ndi kukiliniki. Anti anadandaula kuti mabatire a kasikutako ayamba kufooka.

Amalume anaimirira nthawi yomweyo. Anapita ku galaja n'kubwera ndi awiri, atawapukuta bwino ndi nsalu, n'kuwaika pakhonde anthu onse akuona.

"Mphatso iyi, ya agogo athu," anatero. Kenako anandikodola. "Iwe, tabwera kuno. Anti, mnyamata uyu ndi wakumudzi weniweni, bodza salidziwa. Amagona nawo mabatirewa. Tawauza mmene amagwirira."

Ndinali nditanyamula thireyi ya makapu. Ndinaiika pansi mosamala kuti ndipeze nthawi. M'mutu mwanga ndinkaona agogo aja ataima pakati pa njira yopanda mthunzi, dzuwa likuswa mtengo, Chizungu sadziwa, kasikuta katazima. Ndinkaonanso sutikesi yanga ili kunja kwa geti, ndipo m'tauni yonseyo ndinalibe kwina kopita.

"Amagwira, anti," ndinatero, maso anga ali pa nsapato zawo. "Tsiku loyamba amagwira."

"Nanga tsiku linalo?"

"Amatopa."

Kenako amalume anaseka mokweza, n'kundimenya paphewa mwamphamvu kuposa mmene anthu amachitira posereula.

"Wakulira pa koloboyi uyu! Magetsi wawaonera pa eyapoti. Mwina fani amaizimitsa yekha chifukwa cha mantha."

Onse anaseka. Nawonso anti anaseka, n'kuwerama kuthokoza amalume ndi manja awiri, n'kundipempha kuti ndiwanyamulire mabatirewo ku galimoto. Ndinawanyamula. Limodzi linali lonyowa pansi, ndipo zala zinayamba kundiyabwa. Anthu akuluakulu, ena a iwo ogwira ntchito m'zipatala, anali kuseka uku akutumiza zinyalala zowira kwa nkhalamba.

Titafika pa galimoto ndinayesanso, chonong'ona.

"Anti, chonde musawaike pa sikuta ya agogo."

Anti anali akuyala mapepala apulasitiki m'buti. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Ukuganiza kuti mphuno ndilibe, mwana wanga? Mawa ndikawasiya kumalo otayira mabatire, ndikagula atsopano. Koma mkulu wa mpingo sungamubwezere mphatso pamaso pa anthu." Anatseka buti n'kutembenukira kukhonde, mawu atakwera. "Zikomo kwambiri, abambo! Mulungu akudalitseni!"

Ndinatsuka manja pa mpopi wa panja kwa nthawi yaitali.

Kuyambira tsiku limenelo amalume anasiya kundilankhula, kupatula pondituma. Sabata isanathe, akazi awo anandipeza ndikutsuka mbale n'kundiuza, mwaulemu ndithu, kuti kukubwera m'bale wawo ndipo malo a m'galaja afunika. Ndinawathokoza pondisunga. Anyamata awiri a ku Zambia a m'kalasi mwathu anandilola kuyala matiresi pabalaza pawo, pafupi ndi siteshoni ya sitima. M'bale uja sanabwere. Ndinamva kuti pamene panali bedi langa anakhomapo mashelefu.

Lamulungu lotsatira agogo aja anafika ku mapemphero pa kasikuta kawo, kakuthamanga bwinobwino ndi mabatire a m'sitolo. Amalume anawachingamira pakhomo, n'kusisita mpando wa kasikutako, n'kuitana azibambo anzawo.

"Bwerani muone. Aja ankati amatopa aja."

Anti anavomera ndi mutu, akumwetulira. Bambo ena awiri anafunsa ngati amalume angawakonzereko awo. Ine ndinalowa m'kati kukayala mipando, ndipo mapemphero atatha sindinadikire tiyi. Ndinapita kukakwera sitima.