Amuna Anga Atasiya Kupha

Amuna anga anapha mbuzi kwa zaka zambiri pamsika wina ku Chipata. Atatopa nayo ntchitoyo analowa ulonda pakampani yokonza msewu, kumene anadziwana ndi mkulu wina wa ku Asia wopembedza Chibuda. Mkuluyo anawauza kuti choipa chimene munthu wachita chimamulondola, koma chimatsukika: umve nacho chisoni, uchiulule, uchite chabwino m'malo mwake, ulonjeze kuti sudzabwerezanso.

Ine ndinkayesa zili ngati kulapa kwa ansembe, kumene umapita Loweruka n'kubwerako wapepukidwa. Ndinalemba m'madzi.

Titabwerera kumudzi ku Chiparamba, m'mawa uliwonse ankayala mphasa pakhomo penipeni, pamene ndimadutsa ndi ndowa. Kugwada, kugona chafufumimba, kudzuka, kugwadanso, uku akunong'ona mawu achilendo. Ankati akupepesa mbuzi iliyonse payokhapayokha. Anzathu ankakhala atafika kale kumunda.

Zimenezo ndikanapirira. Koma anakana kupha nkhuku ngakhale apongozi atabwera, ndipo ndinaipha ndekha kuseri kwa bafa ngati ndaba. Kenako makoswe analowa m'matumba a nsawa. Ndinatchera misampha, amuna anga anaifwamphula yonse. Anapanga msampha wawo wa chigubu, wogwira khoswe wamoyo, n'kumapalasa njinga kukamutaya kuphiri. Sindikukayika kuti makoswe omwewo ankabwerera, mwina asanafike okawataya.

Tsiku limene ndinapeza thumba lachitatu lili makoko okhaokha, ndinaima pamphasa pawo pomwepo.

"Abambo, mbuzi mwazipepesa, makoswe mukuwakweza njinga. Nanga ine? Chaka chija munandimenya mwana ali kumsana, khutu ili n'kusiya kumva, munagwadira ndani?"

Anandiyang'ana, mawondo ali mbuu. Ndinkayembekezera kuti akalipa monga kale.

"Chimenecho ndinachisiyira kumapeto," anatero. "Ndimachiopa."

"Ndiye mufuna mumalize kaye mbuzi zonse za mu Chipata?"

Madzulo ake anaitana achimwene anga aakulu, ndipo pamaso pawo ananena zonse, ndi zina zimene ine ndinali nditazikwirira kalekale. Sanadziikire kumbuyo. Ndinakwiya kwambiri kuposa m'mawa muja, chifukwa ndinalira anthu akuona, komanso chifukwa zinatengera mlendo wa kutsidya kwa nyanja kuti atsegule pakamwa patapita zaka zonsezo.

Sindinawauze kuti ndakhululuka. Ndinangoti mphasayo aziyala kuseri, ndipo za m'nyumba yosungiramo zokolola asiyire ine. Anavomera, ngakhale anapempha kuti ndisamawauze zimene ndikuchita mmenemo.

Mpaka lero amagwadabe. Dzanja sanandikwezerenso, mowa anasiya. Koma nyengo ya dzinja timagona movutika, chifukwa udzudzu ukalowa m'neti amayatsa tochi n'kuyamba kuutulutsa umodziumodzi ndi kapu.