Bora ndi Soya Wosafuna Phuma

Mphwanga Borivoj, mwana wa mlongo wanga, amene tonse timangomuti Bora, anakhala m'mimba miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mlongo wanga ankati mwanayo anatopa kudikira. Pa ubatizo wake ndinalipo, ndipo ndikulumbira kuti khandalo linafunsa wansembe ngati sangafulumireko. Lero ali ndi zaka makumi anayi, koma msuzi amamwa choimirira. Mpando wake wa kukhitchini, mphatso ya pa ukwati, ukadali watsopano.

Kuno kwathu ku Bačka, dera la minda kumaiko ozizira, anthu amadzala soya mu Epulo n'kupuma. Bora ayi. Chaka chatha atadula balere kumapeto kwa Juni, anadzala soya wachiwiri tsiku lomwelo, thirakitala ikununkhiza kumbuyo kwa makina okololera.

"Mphwanga," ndinamuuza, "soya wa Juni amapikisana ndi chisanu, ndipo chisanu chili ndi miyendo yaitali."

"Malume, inu munakolola liti komaliza? Nthawi ya ngolo za akavalo?"

Chisanu chinagwa pa 3 Okutobala, nthawi yake isanakwane. M'mawa udzu unali mbuu. Bora anandikweza pa thirakitala kapu ya khofi ili m'manja.

Tinadutsa munda wa Gavra, woyandikana naye. Soya wa Gavra anali wouma kale, makoko ali tsekwetsekwe ngati maseche, chisanu sichinapezepo choluma. Kwa Bora kunali nkhani ziwiri. Kumunsi, pafupi ndi ngalande, kumene kuzizira kumatsikira ngati madzi, makoko anali aang'ono, opyapyala, ndipo anachita kufewa ngati owiritsa. Amenewo tinangowavulira chipewa. Koma kumtunda, gawo lalikulu la munda, masamba apamwamba okha ndiwo anapsa. Makoko a pansi anali odzaza, njere zonenepa, kungoti zobiriwira.

"Ndikolola lero," anatero Bora, "china chisanabwere."

"Ukadula lero, njerezi zikhala zobiriwira mpaka tsiku la chiweruzo. A kufakitale ya mafuta adzakuuza kuti kadyetse nkhumba. Musiye aime padzuwa milungu iwiri, mtundu ubwera wokha."

"Milungu iwiri? Bwanji osangondikumbira manda?"

Titafika kunyumba anathamangira ku makina okololera. Kiyi panalibe. Mkazi wake Smiljka anali pabwalo, akuwotcha tsabola wofiira woti aike m'mabotolo, nkhope ili phee. Mayiyo anakulira m'munda wa soya, sanafunikire kuuzidwa ndi ine.

"Mayi a Jelica, kiyi ali kuti?" Bora anafunsa mkazi wake.

"Ine ndimayendetsa mphika, bambo. Za makina ndizidziwira kuti?"

"Musandiseweretse!"

"Mwafuna m'matumba monse? Paja muli nawo ambiri."

Abale, kufunafuna kumene ndinakuona! Anakhuthula thumba la ufa. Anakwera padenga. Analowa m'khola la nkhumba n'kuzifunsa imodziimodzi. Ine anandisecha mpaka m'sokosi. Atapita kukabwereka makina kwa anzake, anapeza onse ali kalikiliki ndi chimanga, ndipo pakhomo lililonse panali botolo la tsabola wa Smiljka, limene linafika Bora asanafike.

Ndiye anayamba kupita kumunda kasanu ndi kawiri pa tsiku, kukasenda makoko ndi chikhadabo. Njira imene anaponda yakhala msewu, tsiku lina basi inasochererapo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu kumwamba kunada, mvula n'kuyamba kuwaza. Apa nthabwala zinandithera. Soya wonyowa m'munda amachita nkhungu, ndipo malangizo aja anali anga. Bora anaima pakhomo la khitchini, madzi akudontha pachipewa.

"Smiljka, akawola ndiye kuti chilimwe chonse ndathirira chiyani?"

Mayiyo anaika mpeni pansi. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Mphepo ikuchokera kummawa," anatero. "Mawa kuuma."

Kunaumadi, ngakhale kuti kunatenga masiku awiri, ndipo masiku awiriwo ine khofi ndinkamwera kwathu.

Tsiku la khumi ndi chitatu Bora analowa m'khitchini chikhatho chili chofumbata. Anachitambasula pa thebulo. Njere zachikasu, zolimba, yobiriwira imodzi yokha. Anaziyang'ana, kenaka anayang'ana mkazi wake. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, mphwanga anakhala pa mpando wake.

Anadumpha mpaka kugunda nyali.

Kiyi anali pansi pa khushoni. Nyumba yonse anaitembenuza, mpando wokhawo sanauganizeko.

"Masiku onsewa?" anakuwa, atagwira pamene panalasidwapo.

"Ndinafuna malo amene simufikako," anatero Smiljka. "Ndinaganiza za kutchalitchi, koma n'kutali."

Soya wa kumtunda anamulandira kufakitale osanena kanthu. Wa ku ngalande tinakazinga n'kupatsa nkhumba, ndipo zinanenepa mpaka kulephera kutuluka pakhomo. Chaka chino Bora wadzalanso mu Juni, koma walekezera patali ndi ngalande, ndipo kiyi wamumangirira m'khosi ngati mtanda. Pa mpando paja sanakhaleponso. Akuti umaluma.