Galu wa Ba Mulenga ndi tambala wathu

Okutobala uja, maluwa a jakaranda atayala m'misewu ya ku Kabwata, ndinkakonda kukhala kuseri kwa nyumba nditavala kabudula, wailesi ikuimba chapansipansi nyimbo za chipani. Maganizo ankapita kutali. Ndinkadziona ndili bwana ku Kabulonga, ndikuyenda pa kapinga wothirira, agalu akuluakulu akundigwedezera michira.

Ndili mkati molota choncho, tambala wathu wofiira, amene apongozi anabwera naye kuchokera ku Chipata, anandilumphira. Ananding'amba katumba ndi zikhadabo, ine n'kuthawira m'chimbudzi n'kudzitsekera. Iye ankangoyendayenda pakhomo ngati msilikali.

Mkazi wanga pobwera kuchokera kumsika anaona magazi. "Chakulumani n'chiyani?"

Bambo wandevu anganene bwanji kuti nkhuku? Ndinati, "Galu wa Ba Mulenga."

Galu wa anebawo anali nkhalamba yoguluka mano, yongogona pamthunzi wa mpapaya. Mkazi wanga atakawadandaulira, kuyambira tsikulo Ba Mulenga anamumanga pa tcheni, ndipo masana aliwonse ndinkamumva akulira.

Lamlungu Ba Mulenga anabwera atavala jekete la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. "Ba neba, kwathu munthu sapepesa chimanjamanja," anatero. M'khwapa anali atapanira tambala wakuda, wamkulu kuposa wathu uja.

Ndinatsegula pakamwa, zoona zake zili palilime penipeni. Koma ndinangolandira ndi manja awiri n'kunena zikomo.

Galu uja anafera pa tcheni. Ine ndinatha zaka ziwiri osavalanso kabudula kuseri kwa nyumba yanga yomwe.