Kuonda Mobisira Amayi

Kwathu ku Chidzolomondo munthu akakuuza kuti wanenepa, umayankha kuti zikomo. Ine mawu amenewo ndinawadikira zaka makumi atatu. Ndinakula ndili ngati phesi la chimanga, kabudula ndikumangira luzi, ndipo anzanga ankandilangiza kuti mphepo ikayamba ndizigwira mtengo. Tinkadya zimene zinalipo, mgaiwa, nkhwani ndi nyemba, ndipo kulikonse tinkapita wapansi, kumunda, kudimba, ngakhale kumsika kumene unkanyamuka dzuwa likutuluka n'kukafika litakwera.

Boma litanditumiza ku Tsangano kukaphunzitsa, ndinaganiza zobwezera. Choyamba ndinagula mota, njinga yamoto ija, ndipo miyendo ndinaipatsa tchuthi. Ngakhale kokagula mchere, pamalo poti mkazi wanga akanatha kukuwa ali pakhomo wogulitsayo n'kumva, ine ndinkaliza mota. Chachiwiri, Tsangano ndi dziko la kachewere, ndipo kuseri kwa shikola, sukulu yathu ija, kunali mayi wina wokazinga chipisi pachiwaya, nyama ya nkhumba ili pambali. Mayiyo ankangomva kulira kwa mota n'kuyamba kundiikira m'mbale. Mu tiyi ndinkathira masupuni anayi a shuga, lachisanu laulemu. Mkazi wanga akadandaula, ndinkamuuza kuti kuno kumazizira, thupi limafuna chofunda cham'kati.

Chofundacho chinabweradi. Lamba ndinamuboola ndi msomali kawiri, kenako ndinagula wina. M'kalasi, ndikamalemba pamwamba pa kwadulo, thabwa lakuda lija, mimba inkafufuta zimene ndalemba m'munsi, moti ana anga anazolowera kuyamba kukopera za pansi zisanapite. Sindinkachita manyazi ayi. Ndinkasasa fumbi pamalaya monyadira.

Amene ankanyadira kuposa ine anali amayi. Ndikapita kumudzi pa tchuthi, ankaitana anzawo a kutchalitchi kuti adzandione. "Bwerani mudzaone mmene boma limadyetsera anthu ake," ankatero, uku akundizungulira ngati ng'ombe yoti aigule. Chiyambireni ntchito anasiya kunditchula kuti iwe. Ndinali apulofesoro, ndiko kuti aphunzitsi, ndipo ndinkakhala pampando okhawo wa m'nyumbamo.

Tsiku lina m'mawa, ana ali pamzere kuimba nyimbo ya fuko, dziko linayamba kundizungulira ndipo ndinangokhala pansi pafumbi, tayi ali pakhosi. Mutu unali utandiwawa masabata angapo, koma ndinkanamizira phokoso la ana. Kuchipatala anamwino anandimanga nsalu ija pamkono, anapopa, anayang'ana, anamasula, anamanganso.

"Senyoro pulofesoro, mwabwera ndi ndani?" anafunsa anamwinowo.

"Ndi mota," ndinayankha.

Sanaseke. Anandiuza kuti tensawu yanga, kuthamanga kwa magazi, yakwera koopsa, ndipo matenda a shuga nawo ali pakhomo kuodira. "Mukapitiriza chonchi, tsiku lina mudzadzuka mbali imodzi itafa, kapena osadzuka n'komwe. Muli ndi ana angati?"

Ndinali ndi atatu, wamng'ono asanayambe n'kuyenda komwe. Ndinachita mantha enieni. Koma atayamba kutchula zoti ndichite, ndinapsanso mtima. Mchere pang'ono, mafuta pang'ono, shuga ayi, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba, mgaiwa, ndiponso kuyenda pansi tsiku lililonse. Ndinaphunzira zaka zonse zija kuti ndithawe nkhwani ndi kuyenda wapansi, lero munthu wovala zoyera akundilembera zomwezo papepala.

Ndinayamba ndithu. Mayi wa chipisi anandiimitsa tsiku lachitatu kundifunsa chimene anandilakwira, ndipo sanakhulupirire kuti palibe. Pamsewu aliyense ankafuna kudziwa ngati mota yafa, ena mpaka kundilozera kwa makaniko. Patatha miyezi isanu ndi umodzi mutu unasiya, tulo tinabwerera, ndinkakwera chitunda cha kumsika osapumira, koma buluku linayamba kulendewera. Apa ndiye anthu anasintha moni. Ankandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kutsitsa mawu: "Koma mankhwala mukumwa? Masiku ano anthu akukhala nawo moyo wautali." Ndikafotokoza kuti ndikuonda dala, ankagwedeza mutu mwachisoni, n'kunena kuti ndine wolimba mtima.

Za anthu sindinadandaule nazo kwambiri. Nkhawa yanga inali amayi. Tchuthi choyamba ndinazemba, ndinanama kuti kuli maphunziro a aphunzitsi. Chachiwiri panalibe pothawira, ndiye ndinavala makamizola awiri aubweya, majuzi aja, m'kati mwa malaya, nyengo yake ili ya dzinja lofunda, chimanga chili m'mawondo. Ndinafika kumudzi thukuta lili kamukamu, mimba yongobwereka ili patsogolo.

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, pakhosi. Sanaitane aliyense. Anapha nkhuku yonona kwambiri pakhomopo, anatumiza uthenga kwa wopha nkhumba, ndipo mafuta ankathira mu ndiwo ngati akuthirira mbewu. Ine ndinkadya pang'ono, zina n'kuponyera galu amayi akatembenuka. Sabata imeneyo galu wathu ananenepa mpaka anthu odutsa ankamuyamikira.

Nditabwerera ku Tsangano, sipanathe masiku khumi amayi anatsika m'galimoto ndi thumba la mtedza, botolo la mafuta a nkhumba, ndi nkhope yoti sabwerera msanga. Anakhazikika kukhitchini. Mkazi wanga akathira mchere, iwo ankawonjezera. Akaphika chisoso, iwo ankafunsa ngati m'nyumba muno mwachitika maliro. Tsiku lina ndinawamva akufunsa mwana wanga wamkulu ngati amayi ake amadyera kuseri. Tensawu, imene inali itatsika bwinobwino, inayambanso kukwera.

"Muwatengere kuchipatala akamve okha," anatero mkazi wanga, "apo ayi ine ndipite kwathu ku Ntengo-Wambalame, muzikazingana nokha."

Tinapita wapansi. Amayi, a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, owonda ngati mmene ndinalili ine kale, anali patsogolo njira yonse, akumaima kundidikira. Anamwino aja anawalandira mwaulemu, anawafotokozera zonse pang'onopang'ono, kenako anapempha kuti awayeze nawonso. Amayi anapereka mkono monyinyirika. Anamwino anapopa, anayang'ana, n'kuseka.

"Amayi, mtima wanuwu ndi wa mtsikana. Mumadya chiyani?"

"Ine? Zaumphawi basi. Nkhwani, bonongwe, nyemba zikakhalapo."

"Ndiye zimenezo muzimupatsa mwana wanuyu."

Amayi anandiyang'ana, anayang'ananso anamwino. "Ndiye mukuti mmene anali wooneka bwino muja ndi mmene amadwala?" Anamwino anavomera. Kenako amayi anati, "Moyo wanga wonse ndakhala ndikupepesa alendo chifukwa cha ndiwo zamasamba. Kani ndimawapatsa mankhwala aulere."

Tinatuluka ndikuseka, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Koma pobwerera sanathamange. Titafika pamalo pamene msewu umadutsa m'minda ya kachewere, anakhala pamwala n'kuyamba kukonza mpango wawo, umene unali bwinobwino.

Ndinali ndi mkulu wanga amene anapita kukagwira ntchito ku Tete. Anamwalira ine ndili ku maphunziro a uphunzitsi, ndipo ndinangofikira pamaliro. Ndinkadziwa kuti anadwala nthawi yaitali. Zimene sindinkadziwa anandiuza pamwalapo.

"Tsiku limene anabwera, ndinali kusenda nyemba pakhonde," anatero amayi. "Ndinaona bambo wina wowonda ataima pabwalo ndi kachikwama. Ndinamupatsa moni. Ndinamufunsa kuti, mukufuna kwa yani? Iye anati, amayi, ndine."

Miyezi yonseyo ndinkawaona ngati nkhalamba yosamva, yofuna kundipha ndi mafuta a nkhumba, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

"Za anamwino ndamva," anapitiriza. "Mafutawo ndisiya, mchere ndichepetsa. Koma iwe, mwana wanga, uzionda pang'onopang'ono. Ndipo uzibwera kumudzi pafupipafupi ndizikuona mmene ukusinthira, ndisadzakufunse kuti ukufuna kwa yani."