Unaona Wekha Kapena Unamva?

Ndikakumbukira agogo anga aamuna a ku Nkaya, ndimamva fungo la matemba a ku Chiuta losakanikirana ndi la inki ya mwaye imene ankasungunulira m'chigoba cha nkhono, sitima ikulira chapatali. Ankagulitsa nsomba pasiteshoni, koma mtima wawo unali pa buku lina lachiarabu long'ambikang'ambika. Amene analilemba, zaka mazanamazana zapitazo, anali woweruza milandu kwa mafumu akutali, kenako anasiya ntchitoyo kuti alembe mbiri ya anthu akwawo.

"Ameneyu sankalemba mphekesera iyayi," ankatero agogo. "Nkhani iliyonse ankatchula amene anamuuza, ndi amene anauza womuuzayo."

Basi, nawonso anagula kope. Ankalembamo Chiyao m'zilembo zachiarabu: za chilala, za maliro, za mabanja amene anabwera ndi njanji. Ukawapatsira nkhani, funso linali lomwelomwelo: "Unaona wekha kapena unamva?" Ankatopetsa, abale inu!

Tsiku lina anyamata a chipani anagwira bambo anga kudimba, akuti anakana kugula khadi. Ine, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndinali pomwepo. Agogo anandikhazika pamphasa, n'kulemba m'kope muja zonse zimene ndinawauza, m'munsi mwake dzina langa.

Amayi atamva anagwira kumutu, n'kuwauza agogo kuti: "Atati, mwalembamo mwana! Anyamatawa akusecha nyumba ndi nyumba, ndipo mmodzi munamuphunzitsa nokha ku madrasa. Akawerenga, onse amene anakuuzaniko nkhani apita."

Agogo anaitanitsa beseni la madzi. Tsamba lililonse linkayamba ndi dzina la Mulungu, choncho silinali lotaya paliponse. Anatsuka limodzilimodzi monga tinkatsukira mathabwa athu olembapo a ku madrasa, madzi n'kuda bii, ntchito ya moyo wawo wonse n'kusungunuka. Madziwo anakathira patsinde pa mango, posaponda munthu. Analira agogo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Anyamata aja atafika kudzasecha, anapeza buku lakale lija lokha.

"Analemba izi ali kuti?"

"Mwachedwa naye, anagona kalekale," anatero agogo.

Bambo sanabwerenso. Lero adzukulu anga akandifunsa, ndimawauza kuti anavala malaya obiriwira, ndipo khasu lawo linatsala lili chizikike m'nthaka. Wina akati anandiuza ndani, ndimayankha monga ndinayankhira pamphasa paja: palibe, ndinaona ndekha.